Mbewu ikakwera lole, ili m'manja mwa yani?

Lole imodzi ya matani 30 ikadzaza ndi mbewu ya chimanga, imakhala yanyamula minda yokwana mahekitala 1,200, tikawerengera makilogalamu 25 pa hekitala monga alangizi amanenera. Mbewuyo ikakhala m'mapaketi a makilogalamu awiriawiri, ndiye kuti pansi pa lona limenelo pali mapaketi 15,000, ndipo paketi iliyonse ikudikiridwa ndi banja limene launga kale mizere, maso ali kumitambo. Katundu wotereyu timamusiya m'manja mwa anthu ochepa kwambiri: kalaliki amene wawerenga matumba, aganyu amene akweza, dalaivala, ndi munthu wa mapepala amene akudikira kuchipata cha m'malire. Ambiri a ife sitidziwa ngakhale mayina awo.

Isanafike pamenepo, mbewuyo imakhala itadya thukuta la anthu ambiri. Akatswiri anaibereketsa ndi kuiyesa kwa zaka zingapo isanavomerezedwe. Mlimi wochulukitsa mbewu anatalikitsa munda wake ndi minda ya anzake, anathyola ngayaye m'mizere yaikazi m'mawa uliwonse, analandira oyendera minda, anakolola ndi kusankha. Ku labotale, kaya ku Chitedze m'Malawi kapena ku Mount Makulu m'Zambia, anaiyesa n'kupeza kuti mwa njere 100 zilizonse, zosachepera 90 zikumera. Zonsezi zitha kuwonongeka lole itaima masiku angapo padzuwa chifukwa nambala imodzi papepala yasiyana ndi imene ili pathumba. Choopsa chake n'chakuti mbewu yofooka sioneka ndi maso. Paketi imafika m'sitolo ili yonyezimira, njere zitapakidwa bwino mankhwala, chikomekome cha mkuyu. Wogulitsa amadziwa patapita masiku khumi chidzalireni, alimi atabwera pakhomo la sitolo atakwinya nkhope, ndipo dzina limene limada ndi lake, pamene mwini lole analandira kale ndalama zake n'kupita.

Tikuganiza kuti yakwana nthawi yoti tiziona ntchito za mtengatenga ngati gawo la ntchito ya mbewu, ndipo anthu ozigwira tiziwaona ngati anzathu amene ali ndi luso lofunika kuliphunzira, kulikulitsa ndi kulilipira. Achinyamata amene amabwera m'masitolo mwathu kudzapempha ganyu, ndi ana athu omwe, ayenera kumva kuti ntchito zimenezi zili ndi makwerero, ndipo munthu atha kuyambira pansi penipeni n'kufika patali.

Katundu amene amapuma

Chimene chimasiyanitsa mbewu ndi simenti kapena malata n'chakuti mbewu ndi yamoyo. Imapuma, imakalamba, ndipo kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa ukalamba wake. Katswiri wa ku America, James Harrington, anasiya lamulo losavuta kukumbukira: chinyontho cha m'njere chikatsika ndi 1 peresenti, moyo wa mbewu umawirikiza kawiri, ndipo kutentha kwa malo osungiramo kukatsika ndi madigiri 5, moyowo umawirikizanso kawiri. Lamuloli ndi loyerekeza chabe ndipo lili ndi malire ake, koma likatembenuzidwa limatiuza zimene zimachitika pansi pa lona lakuda masana a mu Okutobala.

Ndipo taonani tsoka la chigawo chathu. Mbewu imayenda kwambiri kuyambira Seputembala mpaka Novembala, miyezi yotentha kuposa ina yonse, ndipo misewu yathu ikuluikulu imatsikira m'zigwa zoopsa ndi kutentha. Chirundu ali m'chigwa cha Zambezi. Lole yochokera ku Harare kupita ku Blantyre imadutsa Nyamapanda n'kutsikira ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'nyengo imeneyi, isanakwere kupita ku Zóbuè ndi Mwanza. Yochokera ku Lusaka kupita ku Chipata ndi Lilongwe imawoloka chigwa cha Luangwa. Munthu aliyense amene amakhudza mbewu panjira imeneyi, ngakhale asanapite patali ndi sukulu, ayenera kudziwa chinthu chimodzi chimenechi, chakuti wanyamula chinthu chimene chikhoza kufa.

Khwerero loyamba ndi la okweza ndi kutsitsa katundu. Ntchitoyi timaiona ngati ya mphamvu chabe, koma mbewu yambiri imavulalira pamenepa. Thumba la soya likaponyedwa kuchokera pamwamba pa lole n'kugwera pa simenti, njere zimasweka mkati ngakhale kunja zikuoneka zabwinobwino, ndipo kameredwe kake kamatsika. Mtedza wosenda ndi chimodzimodzi, khungu lake silichedwa kusupuka. Ngowe zokokera matumba, zimene ambiri anazolowera ponyamula chimanga chodya, zimaboola matumba a mapepala. Wokweza wodziwa ntchito amasesa lole asanakweze, amaonetsetsa kuti pansi sipanatayikire dizilo, amakana kusanjikiza mbewu pamodzi ndi feteleza amene amakoka chinyontho kapena mankhwala opha udzu, ndipo amadziwa kuti mbewu yopakidwa mankhwala ndi poizoni, siyenda pamodzi ndi ufa kapena shuga. M'shedi amasanja matumba pa mapaleti, motalikirana ndi khoma, kuti mpweya uzidutsa.

Za kusesa lole zingamveke zazing'ono, koma tikumbukire nankafumbwe wamkulu. Kachilombo kameneka kwawo ndi ku Central America ndi Mexico. Kanayamba kuoneka m'dera la Tabora ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kanali katalowa m'Malawi ndi m'Zambia. Mtunda wonsewo sikanauluke kokha, kanayenda ndi chimanga, m'matumba ndi m'magalimoto. Anzathu a ku Tanzania anakapatsa dzina loti Scania, ati chifukwa mutu wake ukufanana ndi kumaso kwa lole ya mtundu umenewo. Dzinalo linali nthabwala, koma linalondola.

Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira zimenezi, amene amawerenga matumba mosalakwitsa ndiponso amafika pa nthawi yake, sakhalitsa pa ganyu ngati pali womuona. Amakhala kapitawo wa gulu, amaphunzira kuyendetsa forklift n'kutenga chiphaso chake, kapena amaphunzira kupha tizilombo m'shedi ndi mapiritsi a phosphine, ntchito imene imafuna maphunziro ndi chilolezo chifukwa mpweya wake umapha munthu.

Kalaliki amene timamupeputsa

Tikafunsidwa kuti ndi ntchito iti imene makampani athu amailipira mochepera kuposa kufunika kwake, tinganene ya kalaliki wosunga ndi kutumiza katundu. Iyeyu ndiye amasunga nambala ya loti, ndipo nambala imeneyi ndi dzina lenileni la mbewu. Ndi imene imalumikiza paketi imene ili m'sitolo ya ku Katete kapena ku Ntcheu ndi munda umene mbewuyo inalimidwa, tsiku limene inayesedwa ndi zotsatira zake. Mlimi akadandaula kuti mbewu sinamere, nambalayi ndi yokhayo imene ingatiuze ngati vuto lili m'loti yonse, m'lole imodzi kapena m'sitolo imodzi. Kalaliki akasakaniza maloti awiri chifukwa matumba ake ndi ofanana mtundu, palibenso amene angaulondole mlanduwo.

Kalaliki wabwino satulutsa katundu potsata amene ali pafupi ndi chitseko. Amayang'ana tsiku limene loti iliyonse inayesedwa, amapatula mbewu yotsala chaka chatha mpaka itayesedwanso, ndipo amafananiza zimene zili m'buku ndi zimene zili pansi sabata iliyonse, osadikira kutha kwa nyengo. Mbewu yachinyengo, chimanga wamba chopakidwa utoto, imalowa pamene mawerengero ali olobodoka: mapaketi opanda kanthu akasowa m'shedi, matumba khumi akasinthidwa panjira popanda wozindikira. Choncho kukhulupirika kwa kalaliki ndi kolemera ngati luso lake.

Pakhomo la ntchito imeneyi pamafunika satifiketi ya sekondale, MSCE kapena Giredi 12, masamu odalirika, kulemba kowerengeka, ndi kudziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, makamaka mapulogalamu owerengera monga Excel. Makampani akuluakulu tsopano amalemba katundu yense m'makompyuta ndipo madalaivala amatumiza umboni woti katundu wafika kudzera pa foni, kotero woopa makina sadzapita patali. Atsikana ambiri alowera pakhomo limeneli, ndipo m'mashedi ambiri amene timawadziwa buku la katundu lili m'manja mwa amayi. Kuchokera pano munthu amatha kukhala woyang'anira shedi yonse, kapena kusamukira ku ofesi yokonza maulendo.

Dalaivala

Pa ntchito zonsezi, imene achinyamata amaisirira kwambiri ndi ya udalaivala wa malole akuluakulu odutsa malire. Njira yake ndi yodziwika. Mayiko ambiri a SADC amatsata magulu ofanana a malaisensi: B ya galimoto zazing'ono, C1 ndi C ya malole, EC ya malole okoka ngolo zikuluzikulu. Pamwamba pa laisensi, woyendetsa galimoto ya malonda amafunikanso chilolezo cha udalaivala wa ntchito, chimene chimafuna kuyezedwa m'thupi ndi m'maso ndipo chimatha n'kukonzedwanso. Ku Malawi zimenezi zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, ku Zambia ndi bungwe la RTSA. Ambiri amayamba ngati othandizira dalaivala, kumanga lona ndi kusintha matayala, kenako lole ya matani atatu yoperekera katundu m'maboma, n'kumakwera pang'onopang'ono. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo eni malole odziwa zinthu sapereka lole ya matani 30 kwa munthu amene laisensi yake yangotuluka dzulo.

Koma laisensi imangosonyeza kuti munthu atha kugwira chiwongolero. Dalaivala wa maulendo ataliatali ayenera kudziwa kugawa katundu m'lole, chifukwa pa sikelo ya pamsewu, monga ya ku Balaka kapena ya ku Kapiri Mposhi, sayang'ana kulemera kwa lole yonse kokha, kumene m'mayiko ambiri a chigawo chino sikuyenera kupitirira matani 56. Amayezanso kulemera kwa pa axle iliyonse. Lole yosapitirira muyezo itha kulipitsidwa chindapusa ndi kuimitsidwa chifukwa matumba anaunjikana kumbuyo, ndipo kusanjanso matani a mbewu m'mbali mwa msewu, padzuwa kapena pamvula, ndi zimene sitifuna. Ayenera kudziwa kuyendetsa potsika mapiri osatentha mabuleki, kumva injini ikasintha kaliridwe, kusunga mapepala a galimoto ndi a inshuwalansi monga Yellow Card ya COMESA, ndiponso kukumbukira kuti akawoloka pa Kasumbalesa kulowa m'Congo, magalimoto amayenda kudzanja lamanja la msewu.

Ndiye pali zimene mbewu imawonjezera. Dalaivala amene wauzidwa chimene wanyamula amafuna mthunzi akaima nthawi yaitali, amaona ngati lona lang'ambika mvula ya chizimalupsa isanamupeze, amasunga inokulanti wa soya pozizira ndi kutali ndi dzuwa, ndipo akachedwa pachipata amaimba foni tsiku loyamba lomwelo. Akanyamula mitengo ya chinangwa, mbewu ya mbatata kapena ya mbatatesi, amadziwa kuti wanyamula katundu wa masiku owerengeka. Zonsezi zitha kuphunzitsidwa m'mawa umodzi, koma ndi angati mwa ife amene tinakhalapo pansi ndi madalaivala a kampani imene timaibwereka n'kuwafotokozera?

Tisabise kuti ntchitoyi ndi yowawa. Munthu amakhala milungu osaona banja lake, amagona m'lole, amalumidwa ndi udzudzu m'zigwa, amakumana ndi akuba ndi ofuna ziphuphu. Zipatala zazing'ono za m'mbali mwa misewu, monga za North Star Alliance, zinakhazikitsidwa chifukwa madalaivala analibe nthawi kapena malo oonana ndi dokotala. Tulo ndi mdani wamkulu, ndipo pano ifenso tili ndi mlandu. Tikamalipira pa ulendo basi, n'kusunga lole tsiku lonse pakhomo la shedi chifukwa mapepala sitinakonze, kenako n'kulamula kuti katundu afike m'mawa, ndife amene tamutuma dalaivalayo kuyenda usiku wonse.

Munthu wa mapepala

Mbewu ikamadutsa malire imayenda ndi mapepala ochuluka kuposa katundu wina aliyense amene timamudziwa, ndipo woombola katundu pachipata amene sanazolowere mbewu amapunthwa ngakhale ali katswiri pa zitsulo kapena zovala. Dziko lolandira limayamba lapereka chilolezo cholowetsera mbewu, ndipo m'chilolezomo limalemba matenda ndi tizilombo timene sililola. Dziko lotumiza limapereka chikalata cha umoyo wa zomera chotsimikiza kuti zofunikazo zakwaniritsidwa, motsatira pangano la dziko lonse la IPPC. Nthawi zambiri pamafunikanso satifiketi ya mtundu wa lalanje ya bungwe la ISTA, yosonyeza kuti loti yonse inatengedwa zitsanzo ndi kuyesedwa ndi labotale yovomerezeka. Pali chikalata chosonyeza dziko limene katundu wachokera, kuti msonkho uchepe kapena uchotsedwe, ndipo mayiko amene salola chimanga cha GMO amafuna umboni woti mbewuyo si yotero. Ngakhale mapaleti amatabwa ali ndi lamulo lawo, ISPM 15, lofuna chidindo chosonyeza kuti anatenthedwa kapena kuthiridwa mankhwala.

Pa fomu ya msonkho, mbewu ya chimanga ili ndi nambala yake, 1005.10, pamene chimanga chodya ndi 1005.90. Soya wa mbewu ndi 1201.10, mtedza wa mbewu ndi 1202.30. Kusiyana kwa manambala awiri omalizawo n'kokwanira kuimitsa lole, makamaka chaka cha njala pamene boma laletsa kutulutsa chimanga chodya. Woombola katundu ayenera kudziwa kugwiritsa ntchito ASYCUDA World, pulogalamu ya UNCTAD imene MRA, ZRA ndi ZIMRA amagwiritsa ntchito, komanso Janela Única Electrónica ya ku Mozambique. Ayenera kutumiza mapepala lole isanafike, osayamba kuwathamangira itaima kale pamzere.

Zipata zina zaphweka. Chirundu inakhala chipata choimapo kamodzi mu Disembala 2009, mlatho wa Kazungula unatsegulidwa mu Meyi 2021, ndipo Mwami ndi Mchinji zinalumikizidwa kumapeto kwa 2022. Malamulo a mbewu nawonso ayesedwa kufananizidwa: SADC ili ndi dongosolo lake logwirizanitsa malamulo a mbewu, ndipo COMESA inavomereza malamulo ake mu 2014 pamodzi ndi kaundula wa mitundu ya mbewu. Koma wa mapepala ayenera kudziwa kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Congo zili m'mabungwe onse awiri, pamene Mozambique, Tanzania, Botswana ndi South Africa zili mu SADC mokha. Ulendo umodzi utha kudutsa m'madongosolo awiri, ndipo zimene zinasainidwa ndi nduna sizifika tsiku lomwelo pa tebulo la woyang'anira zomera wa pachipata. Munthu amene amamvetsa zimenezi, n'kutha kuzifotokoza mwaulemu kwa wogwira ntchito wotopa popanda kutulutsa chiphuphu, ndi wosowa, ndipo makampani amalimbirana.

Zilankhulo ndi chuma china chimene achinyamata sachiwerengera. Chichewa chathu chomwechi chimamveka kuyambira ku Lusaka, Chipata, Lilongwe mpaka kumadera ambiri a chigawo cha Tete. Wowonjezerapo Chipwitikizi amatsegula Beira ndi Nacala, Chiswahili chimatsegula Songwe, Nakonde ndi Dar es Salaam, Chifalansa chimathandiza ku Lubumbashi. Chingerezi cholemba bwino ndiye chosakambirana, popeza mapepala ambiri ali m'chilankhulo chimenecho.

Wokonza maulendo

Pamwamba pa onsewa pali munthu amene sanyamula thumba kapena kugwira chiwongolero, koma ndiye amaganiza kuti lole iti ipite kuti, liti, ndi katundu wanji. M'makampani ang'onoang'ono ndi mwini wake yemwe, m'makampani akuluakulu ndi mkulu wa za mtengatenga. Ntchito yake ndi masamu osakanikirana ndi kalendala ya mvula. Ayenera kudziwa kuti m'Malawi mvula imayambira kumwera n'kumakwera kumpoto, pamene m'Zambia imayambira kumpoto chakumadzulo n'kumatsikira kumwera, ndiponso kuti mbewu yocha msanga ipite kumadera a mvula yochepa, yochedwa kucha ipite kumapiri ndi kumadera a mvula yambiri. Kutumiza mtundu wolakwika kudera lolakwika ndi kutaya dizilo kawiri, popita ndi pobweza.

Walira mvula walira matope. Misewu yafumbi yopita kumisika ya kumidzi imatsekeka pamene alimi ayamba kufuna mbewu, choncho wokonza maulendo wanzeru amayamba kuperekera kumadera ovuta kufikako, n'kusiya a m'mbali mwa msewu wa tala kumapeto. Amakhalanso ndi njira yachiwiri m'mutu. Namondwe wa Idai atagwetsa Beira mu Malichi 2019, ndi Freddy atakokolola milatho kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023, amene anapitiriza kuyendetsa katundu ndi amene ankadziwa kale njira zina ndi anthu a kumeneko. Amadziwa nthawi imene njanji ya Nacala kapena ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ingathandize pa katundu wolemera ngati feteleza, ndi nthawi imene mbewu siingathe kudikira sitima. Amawerengera mtengo wa tani imodzi pa kilomita, amafunira lole katundu wobwerera nayo kuti isayende yopanda kanthu, amamvetsa Incoterms 2020 kuti adziwe pamene udindo wa katundu ukuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula, ndipo amawerenga timalemba ting'onoting'ono ta inshuwalansi. Apa pali msampha umene wagwira ambiri: inshuwalansi ya katundu wa paulendo nthawi zambiri imalipira akabedwa, akapsa kapena lole ikagubuduzika, koma osati mbewu yafika yonse koma yafooka chifukwa chochedwa.

Wofuna kufika pamenepa amafunika maphunziro owonjezera. Bungwe la Chartered Institute of Logistics and Transport, limene linayamba ku Britain mu 1919 ndipo lili ndi nthambi m'mayiko angapo a chigawo chino, limapereka masatifiketi ndi madipuloma amene munthu atha kuwaphunzira akugwira ntchito. CIPS imachita chimodzimodzi pa za kagulidwe ka katundu, ndipo FIATA ili ndi dipuloma ya otumiza katundu kunja. Masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, amaphunzitsa umakaniki wa magalimoto, umene popanda iwo palibe lole ingayende. Ku Dar es Salaam kuli National Institute of Transport, ndipo mayunivesite angapo, kuphatikizapo MUBAS ku Blantyre, amaphunzitsa za kagulidwe ndi kayendetsedwe ka katundu. Maganizo athu ndi akuti pepala lipeze munthu amene wanunkhapo kale fumbi la m'shedi. Wa digiri amene sanaonepo lole ikukwezedwa amalemba ndondomeko yoti malole asanu adzaze m'mawa umodzi pakhomo limene pamakwana lole imodzi.

Makilomita omaliza

Lole yaikulu imathera pa depoti ya m'tauni. Kuchokera pamenepo mbewu imakwera lole ya matani atatu, minibasi, njinga yamoto ya kabaza, njinga yakapalasa, ngolo ya ng'ombe, ndipo woyendetsa mtengatenga wa gawo limeneli ndi inu ogulitsa zipangizo za ulimi, kaya mumadzitchula choncho kapena ayi. Lamulo la Harrington limagwiranso ntchito m'sitolo ya denga la malata yopanda siling'i, pawindo pamene mapaketi amaikidwa kuti aoneke, ndi pakhonde pamene katundu amayalidwa tsiku la msika. Wogulitsa amene amalemba nambala ya loti pa lisiti, amene amawerenga ndi kuyang'ana matumba dalaivala asanachoke, amene amaitanitsa pang'onopang'ono molingana ndi mmene akugulitsira, akuchita ntchito yomwe ija ya kalaliki ndi ya wokonza maulendo. Mwana amene wakulira kuseri kwa kauntala yotere wayamba kale maphunziro ake.

Palinso njira ya bizinesi. Achinyamata ena ayamba ndi njinga yamoto imodzi yoperekera mbewu ndi mankhwala kwa alimi oitanitsa pa foni, ena ndi lole yaing'ono imodzi yogula pangongole. Amene amapulumuka ndi amene amalemba ndalama ya dizilo, ya matayala ndi ya kukonzetsa padera ndi ya m'thumba. Ambiri amagwa chifukwa chodya ndalama ya injini.

Chodandaulitsa n'chakuti luso lonseli timalitaya chaka ndi chaka. Timalemba anthu mu Seputembala, timawachotsa mu Disembala, ndipo chaka chotsatira timayambiranso ndi nkhope zachilendo zimene sizidziwa kusiyana kwa soya ndi chimanga. Timati ntchito yathu ndi ya nyengo, koma tikayang'anitsitsa mbewu imayenda pafupifupi chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imachoka m'minda ya alimi ochulukitsa kupita kumafakitale, ulendo umene mitundu iwiri itha kusakanikirana mosavuta ngati lole sinasesedwe. Kuyambira Seputembala imapita kumasitolo. Mu Januwale ndi Febuluwale yotsala imabwerera kuti ikayesedwenso ndi kusungidwa pozizira, ndipo m'nyengo yozizira mbewu ya tirigu, ya masamba ndi ya m'madimba imakhala panjira. Kampani imodzi mwina singasunge anthu onse, koma kalaliki mmodzi, kapitawo mmodzi ndi madalaivala awiri odziwa mbewu ingawasunge, ndipo makampani oyandikana atha kubwerekana gulu limodzi la okweza ophunzitsidwa.

Pa makampani a malole amene timawabwereka, tili ndi mphamvu imene sitiigwiritsa ntchito. M'pangano titha kulemba kuti lole ibwere yosesedwa ndi lona losang'ambika, kuti isanyamule feteleza kapena mankhwala pamodzi ndi mbewu, kuti dalaivala akhale amene anamvapo phunziro lathu la m'mawa umodzi lija, ndipo titha kupempha dalaivala yemweyo chaka chamawa pomutchula dzina. Kachipangizo kolemba kutentha, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kataikidwa pakati pa matumba, kamathetsa mkangano wa amene walakwa mbewu ikapanda kumera. Ifenso tilonjeze mbali yathu, kuti lole ikafika mapepala akhale okonzeka, otsitsa akhalepo, ndipo dalaivala apeze madzi osamba ndi pogona asanabwerere.

Malole oyamba a nyengo ino ayamba kudzaza posachedwapa. Alimi ochulukitsa mbewu amene muli ndi anyamata ndi atsikana akhama pa sikelo ya pamunda, ndi ogulitsa amene muli ndi wothandizira amene buku lake silisiyana ndi katundu wa pashelefu, lankhulani nawo za laisensi ya C1 kapena satifiketi yoyamba ya CILT, ndipo ngati mungathe, alipirireni theka la fizi.